IMFA YA GALU NDI KUBWERA KWA KAGALU

M'midzi yambiri galu akafa, akuru amangoti, "Kamtayeni kuthengo," ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma kawirikawiri pabanjapo pamakhala mwana mmodzi amene mtima wace suleka msanga. Ndiye uja anali kumpatsa mkute m'mawa, uja anali kupita naye kudambo kukadyetsa mbuzi, uja galuyo anali kumcingamira panjira pocokera ku sukulu. Mwana wotere amabisala kuseri kwa nkhokwe nalira mwakacetecete, poopa kuti anzace angamseke. Ena akampeza amati, "Kodi munthu nkulirira galu?" Ena pomumvera cisoni amathamangira kwa mnansi kukapempha kagalu kena, nabwera nako tsiku lomwelo. Oseka aja alakwa, ndipo othamanga ajanso alakwa. Mwana ayenera kuloledwa kuti alire, ndipo kagalu katsopano kayenera kubwera pambuyo pace, mtima utakhala pansi ndi pakhomo patakonzeka.

Anthu oseka ali nao mau ao, ndipo si onse amene ali opanda nzeru. Iwo amati galu si munthu. Izi nzoona. Galu samuikira maliro, ndipo palibe mfumu imene ingaletse anthu kupita kumunda cifukwa ca imfa yace. Ngakhale m'kalankhulidwe, kuchula munthu kuti galu ndiko kumtukwana. Koma munthu wacilungamo ayenera kukumbukiranso nchito imene nyama iyi imagwira. Usiku anthu ali m'tulo, galu amagona panja pakhomo, ndipo fisi akayandikira khola la mbuzi ndiye ayamba kudziwa. Cimanga cikamakhwima amapirikitsa anyani ndi apusi. Alenje popita kuuzimba samsiya. Mphotho yace pa zonsezi ndi mkute ndi mafupa. Mlimi amadandaula khasu lace lakale likathyoka, ndipo palibe amene amamseka. Nanga nkusekeranji mwana amene alira cinthu camoyo, cimene cinali kudziwa liu lace ndi kugwedeza mcira pomuona?

Kulirira galu sikunayambe lero. Mlembi wina wa ku Greece, dzina lace Herodotus, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 2,400 zapitazo, analemba za mwambo wa anthu a ku Egypt. Iye anati mphaka akafa m'nyumba, eni nyumbayo anali kumeta nsidze zao, koma akafa galu anali kumeta mutu ndi thupi lonse. Palinso umboni wina wakale koposa umenewu. M'caka ca 1914 anthu ophwanya miyala pa malo ochedwa Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn m'dziko la Germany, anafukula manda a mwamuna ndi mkazi amene anaikidwa zaka ngati 14,000 zapitazo. M'manda momwemo munali mafupa a galu wamng'ono wa miyezi ngati 7. Akatswiri atapima mano ace, analengeza m'caka ca 2018 kuti galuyo anadwala kwambiri masabata angapo asanafe, ndipo sakadakhala moyo masiku onsewo popanda munthu womdyetsa ndi kumsamala. Anthu ajawo analibe mabuku, ndipo cakudya cinali cobvuta kupeza. Komabe anadwazika kagalu kamene sikakadatha kuwasakira nyama, ndipo katafa anakaika mwaulemu. Cotero mwana wolira galu wace sacita cacilendo. Acita cimene anthu akhala akucita ciyambire kale.

Tsono akuru acite ciani ndi mwana wotere? Coyamba, amuuze zoona. Makolo ena amataya galu mobisa nanena kwa mwana kuti wangosocera, adzabwera. Mau otere amaoneka ngati acifundo, koma amabala cisoni cacikuru. Mwanayo amatha masabata ali kuitana m'njira ndi kufunsa m'midzi, ndipo tsiku limene adziwa coona amalira kawiri, kulira galu ndi kulira bodza la akuru ace. Madzi akatayika saoleka, ndipo nkwabwino kuti mwana aphunzire zimenezi kwa anthu omkonda. Caciwiri, galuyo amkwirire. Amkumbire dzenje lakuya, kutali ndi citsime ndi mtsinje, kuti afisi ndi agalu ena asamfukule, ndiponso kuti madzi akumwa asaipe. Mwana akafuna kuikapo mwala kapena kubzalapo mtengo, asamletse. Amenewa si maliro, ndipo sacepetsa ulemu wa maliro a anthu. Ndi njira cabe yotsazikira bwenzi.

Cacitatu ndico cacikuru koposa: banja lifunse cimene capha galuyo. Apa mpamene othamangira kagalu kena amalakwa kwambiri. Galu akafa ndi ukalamba, kapena akagundidwa ndi galimoto pamseu, cifukwa cace cimadziwika. Koma agalu ambiri amafa ndi matenda, ndipo matenda ena amatsalira pakhomo mwini wace atapita. Pali matenda ochedwa parvo, amene anayamba kudziwika m'caka ca 1978. Galu wodwala matendawa amasanza, amatsegula m'mimba mwa magazi, nafooka msanga, ndipo tiagalu tating'ono ndito timafa nao kwambiri. Tizirombo tace timakhala m'dothi miyezi yambiri, makamaka pa malo a mthunzi, nthawi zina kufikira caka. Munthu wobweretsa kagalu kosalandira katemera pa bwalo lotere, nakagoneka pa thumba lomwelo ndi kukadyetsa m'mbale yomweyo, ali ngati wothira madzi mu mtsuko wobooka. Pakapita masabata owerengeka mwana uja adzaliranso.

Matenda ena oopsa koposa ndi ciwewe. Galu wofatsa akasanduka wolusa mwadzidzidzi, namaluma mitengo ndi miyala, dobvu liri kutuluka m'kamwa, kapena akalefuka miyendo nafa m'masiku owerengeka, ana asakhudze mtembo wace ngakhale anali kumkonda cotani. Akuru akauze dotolo wa ziweto. Yense amene galuyo anamluma, kapena kumnyambita pa cironda, atsuke malowo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikayamba kuoneka mwa munthu sicicizika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu ngati 59,000 amafa ndi ciwewe caka ndi caka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 otere 4 amakhala ana osafika zaka 15. Comvetsa cisoni ndi cakuti mankhwala oteteza alipo kuyambira kale. M'caka ca 1885 Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa ndi katemera mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu waciwewe. Cifukwa cace kudikira pang'ono musanabwere kagalu kena m'nyumba kumateteza kagaluko ndi ana omwe.

Koma pali kulakwa kwina kumene kumacokera kwa mwana mwini. Ana ena, cisoni cikawagwira, amalumbira kuti sadzawetanso galu moyo wao wonse. Amaganiza kuti kukonda kagalu kena ndiko kuiwala woyamba uja, kapena aopa kuti mtima ungadzawawenso. Mantha amenewa ngomveka, koma sayenera kukhalitsa. Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 kufikira 13, pamene munthu akhoza kukhala zaka 70 kapena kuposa. Ndiye kuti munthu wokonda agalu adzakwirira angapo asanakalambe, ndipo palibe njira yolambalala zimenezi. Munthu amene mtengo wace wa mango wagwa ndi mphepo saleka kubzala. Amabzala wina, ndipo pokhala pansi pa watsopanowo amasimbabe za kukoma kwa zipatso za wakale uja. Ndiponso pakhomo pafunika mlonda; fisi sadikira kuti mwana atonthole.

Nthawi yace ikakwana, kagaluko kalandiridwe monga mlendo watsopano, osati monga mthunzi wa wakufayo. Kapatsidwe dzina lacelace. Kukapatsa dzina la galu wakale kumacititsa mwana kuyembekeza makhalidwe a wakaleyo, ndipo pamene sawaona amakwiya nako popanda cifukwa. Akuru amati galu wamkota sakandira pacabe, kutanthauza kuti wamkuru amacita zinthu modziwa. Nzeru zotere zimabwera ndi zaka. Galu wakale uja anali kudziwa kuti nkhuku za pakhomo sazigwira, ndi kuti mlendo wobwera ndi mwini nyumba samuuwa, cifukwa anaphunzitsidwa. Kagalu sikadziwa kanthu. Kadzalira usiku pofuna mace, kadzathamangitsa anapiye, kadzatafuna nsapato ya sukulu ndi mphasa. Walira mvula walira matope: wofuna kagalu abvomerenso mabvuto ace.

Mwana wodziwa kakulidwe ka galu sapsa mtima msanga. Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku ngati 63. Tiana tace timabadwa tosaona ndi tosamva, ndipo maso amatseguka patapita masiku 10 kufikira 14. Sikwabwino kucotsa kagalu kwa mace kasanakwane masabata 8, cifukwa m'masiku amenewo kamayamwa mkaka wolimbitsa thupi, ndipo posewera ndi abale ace kamaphunzira kuti kuluma kumawawa. Kagalu kocotsedwa msanga kamadwaladwala, ndipo kawirikawiri kamakula kamantha kapena kolusa. Mano ace oyamba amakhala 28, ndipo amaguluka nalowa m'malo mwace mano 42 a ukulu pofika miyezi 6 kapena 7. Nthawi imeneyi nkhama zimayabwa, ndipo ndico cifukwa cace kamatafuna ciri conse. Ndodo siicotsa kuyabwa kumeneku. Cofunika ndi kukweza nsapato pamwamba ndi kukapatsa cinthu cina colimba coti kazitafuna.

Kasamalidwe kace sikafuna cuma cambiri, koma kafuna kukumbukira tsiku ndi tsiku. Nsima yokha siikwanira kumanga thupi la kagalu. Paphala la gaga pafunika kuonjeza kapenta, nyenyeswa za nyama kapena msuzi wa ndiwo, ndipo kadye katatu kapena kanai pa tsiku pamene kali kakang'ono. Mafupa a nkhuku ophika asakapatse, pakuti amasweka songasonga nalasa m'mimba. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Pogona pace pakhale pouma, ndi thumba latsopano. Mwana aziyang'ana nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, cifukwa zimayamwa magazi ndi kubweretsa malungo a agalu. Dotolo wa ziweto ali nao mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera wa parvo, amene amayamba kagalu kali ndi masabata 6 kufikira 8. Kakakwana miyezi 3 kalandire katemera wa ciwewe, ndipo kazibwerezedwa pa nthawi imene dotoloyo adzanena. Pophunzitsa, mau akhale ocepa ndi osasinthasintha, ndipo kakacita bwino kasisitidwe. Mmera mpoyamba: galu wophunzira ndi cikondi amamvera, koma wophunzira ndi miyala amathawa mwini wace kapena kuluma ana.

Pamenepa mpamene misozi ija imaonetsa phindu lace. Mwana amene anasekedwa amaphunzira kuti cifundo ndi cinthu camanyazi, ndipo mawa akhoza kukhala iye woyamba kugenda agalu a eni. Mwana amene anapatsidwa kagalu kena tsiku lomwelo amaphunzira kuti camoyo ciri ngati mbale, ikasweka mugula ina. Koma mwana amene analoledwa kulira, nauzidwa zoona, nafunsa cimene cinapha bwenzi lace, amalandira kagalu katsopano ali ndi nzeru zimene analibe poyamba. Ngati woyamba anafa ndi nkhupakupa, waciwiri adzayang'anidwa m'makutu madzulo ali onse. Ngati woyamba anafa wosalandira katemera, waciwiri adzanyamulidwa kupita kwa dotolo ngakhale ulendo ukhale wautali. Anthu odutsa pakhomo paja akaona galu wonenepa, waubweya wosalala, wosaopa dzanja la munthu, adzadziwa kuti mwana wa panyumbapo sanalire cabe.

MAFUNSO

1. Kodi anthu a ku Egypt anali kucita ciani galu akafa m'nyumba mwao?
2. Cifukwa ninji si kwabwino kubweretsa kagalu kena tsiku lomwe galu wafa?
3. Kodi munthu wolumidwa ndi galu ayenera kucita ciani?
4. Mwambi wakuti "Walira mvula walira matope" utanthauza ciani m'nkhani iyi?