Wilo lacitatu siliphunzitsa munthu kuyendetsa

Pali bodza limodzi limene lafala m'makomboni mwathu, ndipo tifuna kulitsutsa lisanatumize anthu ambiri ku UTH. Bodzalo ndi lakuti njinga yamoto ya mawilo atatu siigwa. Mumalimva ku Soweto, pa msika wa ku Matero, ngakhale pa mafoni amene timalandira pa wailesi. Munthu agula njinga yonyamulira katundu, apatsa kiyi mwana wa mlongo wake amene sanayendetsepo ngakhale honda, n'kumuuza kuti: "Iyi ni yosavuta, iimilira yeka."

Zoona, ikaima imaima yokha, sifuna kuti uponde phazi pansi. Koma njinga sitiigulira kuima.

Kumaiko a anthu a ndalama mkangano uwu ulikonso, kungoti iwo amakangana pa zoseweretsa. Ena amakonda Honda Gold Wing, cinjinga ca mawilo awiri ca maulendo ataliatali cimene cakhala pa msika kuyambira 1975. Ena anathamangira Can-Am Spyder, ya mawilo atatu, imene kampani ya BRP ya ku Canada inatulutsa mu 2007. Koma muione bwino Spyder. Mawilo awiri ali kutsogolo, limodzi kumbuyo, thupi lake lili pafupi ndi nthaka, ndipo ili ndi kompyuta imene imacepetsa mphamvu ya injini ndi kugwira mabuleki ikamva kuti wilo lifuna kunyamuka. Anaikamo zonsezo cifukwa anadziwa kuti mawilo atatu paokha sateteza munthu. Yathu ya mu komboni anaipanga mosiyana: wilo limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, ngolo pamwamba, kompyuta palibe. Kompyuta yake ndi mutu wa mnyamata amene ali pa handulo.

Nkhani yonse ili pa kona. Honda ya mawilo awiri ikafika pokhota imapendekeka pamodzi ndi woyendetsa, ndipo kupendekako ndiko kumaigwira kuti isaponyedwe kunja. Ya mawilo atatu siingapendekeke. Kulemera konse kumakankhidwira kunja kwa kona, wilo lakumbuyo la mkati limayamba kunyamuka. Woyendetsa akacita mantha n'kuponda buleki ali pakati pa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumene kuli wilo limodzi cabe, ndipo cinthu conse cimagadabuka. Tsopano onjezerani masaka a makala ounjika kupitirira mutu wa woyendetsa, mabokosi a matimati, kapena madilamu a madzi osadzaza amene amakhuthukira uku ndi uku. Pamwamba pa zonsezo pakhala amai amene aooda katunduyo, opanda cisoti, opanda pogwira. Njinga ikagwa, woyendetsa nthawi zina amalumpha. Amai aja salumpha.

Misewu yathu nayo imaonjezera vuto. Wa mawilo awiri amafuna kanjira kamodzi kuti azembe dzenje. Wa mawilo atatu amaponda mizere itatu, ndiye akapulumutsa wilo lakutsogolo, lakumbuyo limalowamo. Mu Kanyama, kumene mwala uli pafupi ndipo madzi a mvula salowa pansi msanga, kuyambira Disembala mpaka Malichi dzenje ndi ngalande zimabisika pansi pa madzi amatope. Wilo limodzi likatsikira m'mphepete mwa ngalande, katundu yense amatsatira. Ndipo kumene kunalowa tala ya L400, nchito imene inayamba mu 2013, anyamata amathamanga kwambiri, pomwe makona a m'komboni akali akuthwa monga kale, ana akali kusewera m'mbali mwa msewu.

Ena adzati tifuna kulanda anyamata nchito. Iai. Njinga izi tizifuna. Zimanyamula katundu amene Zamcab angafunike maulendo angapo kuti amalize, zimalowa m'tinjira ta mu George ndi Chawama mmene Canter siingakwane, ndipo zikudyetsa mabanja. Sitikunenanso kuti honda ya mawilo awiri ndi yoyera, pakuti nayo yathyola miyendo yambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ya mawilo awiri anthu amaiopa, ndipo mantha amawacititsa kuphunzira. Ya mawilo atatu imanyenga munthu kuti wadziwa kale, tsiku loyamba lomwe.

Ndiye tikamba ndi inu eni njinga poyamba. Musanapereke kiyi, mnyamata akhale ndi laisensi, ndipo aphunzire kukhota ali ndi katundu pabwalo lopanda anthu, adziwe kucepetsa liwiro asanafike pa kona. Ndalama ya cashing imene mumafuna madzulo ikhale yotheka. Mukaikweza, mwalamula nokha kuti aunjike katundu ndi kuthamanga, ndipo tsiku la ngozi musadzanene kuti anali wopusa ndi mnyamata.

A RTSA, lamulo la pamsewu la 2002 limene linakukhazikitsani silinathere pa Great East Road ndi Kafue Road. Bwerani m'misika ya mu Mtendere ndi Kalingalinga, muphunzitse m'Cinyanja, musanayambe kulanda njinga. Ife a mawailesi a m'madera nthawi ya pa mphepo tili nayo, ndipo anthu amamvetsera.

Inunso amai athu a pa msika, amene mumadzuka usiku kukaooda ku Soweto: zolemera zikhale pansi, katundu asapitirire mbali za ngolo kwambiri, ndipo inu musakwere pamwamba. Tidziwa kuti mumaopa kuti katundu angasowe m'njira, ndiponso ndalama ya basi ndi phindu la tsikulo. Tengani nambala ya foni ya woyendetsa, gwiritsani nchito mmodzi amene mumadziwa kwao, inu mukwere basi. Bokosi la matimati likaphwanyika mudzaoodanso mawa. Msana ukathyoka, pa tebulo panu pa msika padzakhala wina.