ZA GALIMOTO: Nyali ya ABS Ikakana Kuzima

Woyendetsa galimoto aliyense wotsika mapiri a Manenekela, m'boma la Rufunsa, polowera ku mlatho wa Luangwa, adziwa kuti moyo wake uli pa mabuleki. Komabe ena okhala ndi magalimoto akale ocokera ku Japan amatha miyezi nyali ya ABS ili ciyakire.

ABS imaletsa mawilo kukhukhuluzika munthu akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Nyali yake iyenera kuyaka poliza injini ndi kuzima patapita kamphindi. Ikakana, mabuleki agwirabe nchito, koma citetezo cija capita.

Kawirikawiri colakwa ndi kacipangizo kowerenga liwiro kuseri kwa wilo. Matope a dzinja ndi tizitsulo zimakaphimba, kapena waya wake umadulidwa ndi zitsa m'misewu ya kumidzi. Mwini galimoto ayambe waona fyuzi, batire ndi mafuta a mabuleki. Atatero aikweze pa jeke, aikenso cipika pansi pake, acotse wilo ndi kupukuta kacipangizoko ndi nsalu. Kumata nyaliyo ndi pepala n'kudzinamiza cabe.

Ikayaka pamodzi ndi nyali yofiira ya mabuleki, galimotoyo isacoke pakhomo kufikira makanika ataiona.