Blues si nyimbo za azungu

Amalawi anzanga a kuno ku Cape Town, ndatopa nawo mawu akuti blues ndi nyimbo za azungu. Inde, Albert Frost kapena Dan Patlansky akamaimba, mipando yambiri amakhalapo ndi azungu, ife tili kukhitchini kutsuka mbale kapena panja kulondera magalimoto. Koma nyimbozi zinabadwira m'minda ya thonje ku Mississippi, pakamwa pa zidzukulu za akapolo. Ganyu, ngongole, kupukwa kumudzi: kodi si nkhani zathu zomwe zino?

Tsiku lina ndinakaonera mnyamata wongoyamba kumene kutchuka akuimba m'bala ina ku Observatory. Atakoka nsambo imodzi ya gitala n'kuisiya ikulira yokha, anthu anangoti zii, ena atatsinzina. Ine m'makutu mwanga munabwera Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona uja, ndi banjo yake. Kulira kotereku ifenso tinakulira momwemo.

Tikiti ndi yodula, sindikukana. Tidandaule za mtengowo, mokweza ndithu. Koma tikamati nyimbozi si zathu, cholowa tikuchitaya tokha, popanda wotilanda.