Makina Ofufuzira Golide: Kodi Amafika Pati Pansi?

Chiyambire 2021, pamene Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, nkhani ya makina ofufuzira chitsulo pansi yakula. M'boma la Mzimba, kumene mabanja ambiri amadalira ndalama zochokera ku Johannesburg, munthu angathe kuthera thukuta la zaka zingapo pa makina amodzi. Funso limene wogula amafunsa ndi lakuti: kodi makinawa amafika pati pansi? Ife tikuti funsoli ndi loperewera, pakuti kuya kwake kumadalira kukula kwa golideyo ndiponso mtundu wa dothi.

Makinawa ali m'magulu awiri akulu. Gulu loyamba limatchedwa VLF, monga Gold Monster 1000 ya kampani ya Minelab ndi Gold Bug 2 ya kampani ya Fisher. Amenewa ndi otsikirapo mtengo ndipo amamva timibulu tating'ono ta golide, koma pokhapokha tili pafupi, masentimita owerengeka chabe. Akafika pa katondo wokhala ndi chitsulo chambiri amalira mwachisawawa, ndipo mphamvu yawo imachepa. Gulu lachiwiri limatchedwa PI, monga GPX 5000. Amenewa sasokonezeka msanga ndi dothi lotero, ndipo mbulu waukulu amaumva patali ndithu, koma ndi okwera mtengo ndipo timibulu tochepetsetsa angatilumphe. Mbale yaikulu ya kunsonga kwa makina imazamitsa kufufuza pa mibulu yaikulu, pamene yaing'ono ndiyo imagwira tating'ono.

Taonani za ku Australia. Mu 1980 Kevin Hillier anapeza mbulu wolemera makilogalamu 27 ku Kingower, ndipo unali pansi masentimita pafupifupi 30 okha. Tsono wamalonda akakuuzani kuti makina ake a m'manja amaona kambulu ka golide pansi mamita khumi, dziwani kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pali zina ziwiri zimene anthu a ku Jenda, Embangweni ndi kwa Mabulabo ayenera kuziganizira. Choyamba, chuma cha pansi chimene Mzimba amadziwika nacho ndi miyala ya mtengo wapatali monga aquamarine ndi rose quartz. Miyala imeneyi si chitsulo, kotero makina sangaimve. Chachiwiri, golide wambiri amene anthu amasefa m'mitsinje ya dziko lino, monga Lisungwe ku Neno ndi Unga ku Mangochi, ndi wa fumbi. Fumbi lotero makina salimva. Limafuna beseni, madzi ndi kudekha.

Kotero malangizo athu ndi awa. Musanagulitse ng'ombe, funsani akatswiri a Geological Survey Department ngati dera lanu lili ndi golide, ndi wa mtundu wanji. Wogulitsa asakuyesereni makina m'malere m'sitolo. Kwirirani kambulu ka golide wodziwika kulemera m'dothi la kwanu, poyamba masentimita 5, kenaka 10, kenaka 20, makina onse ayesedwe pa dzenje lomwelo. Chenjeraninso ndi makina achinyengo okhala ndi maina a makampani odziwika. Pomaliza, kumbukirani kuti lamulo la migodi la 2023 limafuna chilolezo munthu asanayambe kukumba. Akulu anati safunsa anadya phula.