Tsiku limene nyimbo ya Matafale inatulutsa ana m'holo

 Ndakhala chete kwa kanthawi, mukudziwa kale mmene teremu yachitatu imakhalira: mayeso, kuchonga, malipoti, kenaka chimfine cha mwera. Koma pali kankhani kena kamene kandikhala pakhosi ngati munga wa chambo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kukalavula pano sindipeza mtendere.

Mwezi wa June tinali ndi phwando lotsanzikana ndi ana athu a Fomu 4. Monga mwa nthawi zonse, ine ndi amene ndinapatsidwa udindo woyang'anira zisangalalo. Zolankhula zitatha, mpunga ndi nkhuku zitadyedwa, mabenchi anakankhidwira kukhoma ndipo mnyamata wathu woika nyimbo anayamba ntchito yake. Amapiano, Zeze Kingston, Eli Njuchi, Driemo, ana akuvina mpaka fumbi koboo. Ine nditaima pakhomo ndinayamba kumva kansanje. Ndinapita kwa mnyamata uja n'kumunong'oneza kuti, "Iwe, tatiikireko Yang'ana Nkhope ya Evison Matafale, anzakowa amveko nyimbo yeniyeni." Anandiyang'ana ngati ndamupempha ngongole, koma poti ndine mphunzitsi anaisaka pafoni n'kuika.

Abale anga, zimene ndinaona sindidzaiwala. Gitala itangoyamba, holo inagawikana pakati ngati Nyanja Yofiira. Ena anapita kukamwa madzi, ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mafoni m'matumba. Pakati tinatsala atatu: ine, amadamu a Biology, ndi alonda athu amene analowa ndi tochi m'manja atamva nyimboyo ali kugeti. Nyimbo isanathe, mtsikana wina wa Fomu 3, wanzeru ndithu m'kalasi, anabwera mwaulemu wake wonse, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Sala, pepani, ya pamaliroyi itha nthawi yanji?"

Ya pamaliro! Ndinaseka, koma kunena zoona zinandipweteka. Ndinafika kunyumba mtima uli wii, moti mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndayambana ndi ahedi.

Lolemba nkhaniyi inafika mu sitafu rumu ndipo tiyi anazizira m'makapu. Achiwiri kwa ahedi anati ana a masiku ano atayika, nyimbo zawo zilibe mutu, n'kugunda kokhakokha ngati chigayo. Amadamu ena, amene ndi aakulu kwa ine, anati vuto ndi ineyo: ndikanaika Paul Banda kapena Alleluya Band palibe mwana akanatuluka, chifukwa Matafale ngakhale nthawi yake sanali wa aliyense. Mphunzitsi wina wachinyamata, wobadwa 1998, anati iyeyo nyimbo zonse za ku Chileka amazimva ngati ndi nyimbo imodzi yaitali. Aliyense amalankhula ngati akuteteza munda wa makolo ake. Poyamba ndinali mbali ya achiwiri kwa ahedi. Pofika madzulo ndinali nditasintha maganizo, ndipo amene anandisintha ndi malemu bambo anga.

Ndiyambire kumbuyo pang'ono kuti amene munabadwa mochedwa mumvetse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nyimbo zimene zinkalamulira dziko lino zinali za ku Balaka. Paul Banda, mng'ono wake Lucius, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre, amenewo ndi amene unkawamva m'minibasi, m'golosale, paukwati. Makaseti ankachokera kwa O.G. Issa ku Limbe n'kufika mpaka pamsika wa paboma pano. Kenaka kunatulukira mnyamata wamadiredi wa ku Chileka ndi chimbale cha Kuimba 1, mmene munali Watsetsereka. Mawu ake sanali osalala ngati a ku Balaka. Anali okhakhala, olira, ngati munthu amene wagona ndi njala koma akukana kupempha. Chichewa chake chinali chozama, chodzaza ndi Baibulo, moti tinkakhala pansi kukangana kuti kwenikweni akutanthauza chiyani. Amadamu aja ananena zoona: sanali wa aliyense. Anali wa ife amene tinkafuna kuoneka osiyana ndi gulu.

Kaseti yanga ndinaigula ndi ndalama yogulitsa usipa patchuthi. Kuhositelo tinali ndi kawailesi kamodzi anyamata khumi ndi awiri. Mabatire tinkasonkherana, akafooka tinkawayanika padzuwa, ndipo kaseti tinkaibweza m'mbuyo ndi bolopeni kuti tisawononge moto. Ana anga akamva zimenezi amaseka, amayesa ndikupeka.

Patchuthi china ndinalakwitsa n'kuika kasetiyo m'wailesi ya bambo, imene anabwera nayo kuchokera ku Theba. Iwo anali munthu wa Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, komanso Robert Fumulani ndi Likhubula River. Banjo ikalira ankasiya kusoka ukonde n'kutseka maso. Atamva Matafale anaimirira, n'kuitulutsa kasetiyo, n'kunena kuti, "M'nyumba mwanga muno musamalire nyimbo za anthu osuta chamba. Iyi si nyimbo, n'kudandaula." Kumbukirani kuti kuno ndi ku Nkhotakota, kumene mawu akuti chamba si nthabwala kwa kholo lokhala ndi mwana wamwamuna. Ine mumtima ndinkati madala awa atsalira, banjo yawoyo ndi ya anthu a kumudzi. Chimene tonse awiri sitinkachiganizira n'chakuti anyamata a Black Missionaries amene Matafale ankaimba nawo, Musamude, Anjiru ndi Chizondi, ndi ana a Robert Fumulani yemwe uja bambo ankamukonda. Tinkakanganira zipatso za mtengo umodzi.

Pa 27 November 2001 Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ali ndi zaka 32 zokha. Anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la nthawi imeneyo. Anatisiyira zimbale ziwiri basi, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ine ndinali kumudzi, nditangomaliza mayeso a Fomu 4. Uthengawo tinaumva limodzi ndi bambo pawailesi yomwe ija. Ndinkayembekeza kuti anena zonyoza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wa eni ake." Madzulo ake anandiitana n'kundifunsa ngati kaseti ija ndikadali nayo. Tinamvera mbali zonse ziwiri titakhala pakhonde, nyanja ikuwomba kumunsi. Itatha anati, "Kuimba sadziwa, koma amanena zoona." Mpaka imfa yawo sanamukonde Matafale, ndipo ine mpaka lero banjo sindinaizolowere kwenikweni. Koma madzulo amenewo anandipatsa ulemu womvera chinthu chimene ine ndinkachikonda.

Ndikukumbukira zimenezi Lolemba lija, ndinachita manyazi. M'holo muja ndinali nditasanduka bambo anga a tsiku loyamba, osati a tsiku lachiwiri. Ndinapita kwa mnyamata uja ndi mawu akuti "nyimbo yeniyeni", kutanthauza kuti zonse zimene anawo ankavina zinali zabodza. Nanga iwo akanandilandira bwanji?

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu mukwiya nawo. Tikamanena kuti nyimbo zakale zinali zabwino kuposa za lero, nthawi zambiri sitikukamba za nyimbo ayi. Tikukamba za ife eni. Ndikamva Yang'ana Nkhope sindimva gitala yokha. Ndimamva fungo la nyemba zofumbwa za kuhositelo. Ndimaona mnzanga amene ankagona bedi yapamwamba, katswiri wa masamu, amene tinamuika m'manda mu 2003, kutatsala chaka chimodzi kuti ma ARV aulere ayambe kuperekedwa m'zipatala za boma. Ndimaona mtsikana wina wa ku Dwangwa amene ndinamulembera makalata asanu osayankhidwa. Mwana wobadwa 2008 angazione bwanji zonsezi? Iye akumva reggae yoyenda pang'onopang'ono ndi bambo wina akulira. Akati ndi ya pamaliro sakulakwa kwenikweni, chifukwa inenso ndikaimva ndimakhala ndili pamaliro, kungoti maliro ake ndi anga ndekha.

Komanso tisaname kuti kale kunali kokoma. Miyezi yomweyo imene tinkalira Matafale ndi imene dziko linalowa m'njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi mizu. Kuno tinapulumukirako kondowole, koma tinaona anthu ochokera kumtunda akusinthanitsa ziwiya ndi chinangwa. Mtima umasefa zakale ngati sefa ya ufa: zowawa zimatsala pamwamba, zokoma n'kugwera m'lichero. Ndiponso m'nthawi yathu munali nyimbo zambirimbiri zopanda pake zimene taziiwala. Timatenga zisanu zabwino kwambiri za zaka khumi n'kuziyerekeza ndi chilichonse chimene chatuluka sabata ino. Mlandu woterewu ngakhale kwa amfumu sungaweruzidwe chomwecho.

Apa wina anena kuti, "Ndiye aphunzitsi mukuti tingozitaya?" Ayi ndithu. Pali chinthu china chimene chinandiwawa kuposa kutuluka kwa ana m'holo. Lachiwiri lake ndinafunsa kalasi langa la Fomu 3 kuti ndani akudziwa mmene Matafale anafera. Manja anakwera atatu okha, ndipo mmodzi anati pangozi ya galimoto. Apa ndiye pali mlandu, ndipo mlanduwo si wa ana, ndi wathu. Timawaphunzitsa za ufulu wolankhula mu Social Studies, timawalembetsa manotsi a referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, koma sitiwauza kuti patangopita zaka zisanu ndi ziwiri woimba anafera m'manja mwa apolisi chifukwa cha zimene analemba. Sitiwauza kuti Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anatchedwa Soja chifukwa choimbira anthu osauka pa nthawi imene ambiri ankaopa kutsegula pakamwa. Mwana sungamukakamize kukonda nyimbo, monganso sungamukakamize kukonda therere. Koma mbiri ungamuphunzitse, ndipo imeneyo ndi ntchito imene timalandirira malipiro.

Ndiye ndinayesa kanthu kena. Lachisanu masana, nthawi ya makalabu, ndinawauza kuti aliyense wofuna abwere ndi nyimbo imodzi, koma lamulo n'lakuti asatiuze kuti ndi yokoma. Atiuze kuti anaimva koyamba ali kuti, ali ndi yani. Ndinayamba ndine. Ndinawauza za kawailesi, za bolopeni, za bambo anga pakhonde, za pa 27 November. Kenaka ndinaika nyimbo yomwe ija. Palibe anatuluka. Sindikunena kuti anaikonda, koma anaimvera mpaka kumapeto.

Atatha ena angapo, anaimirira mnyamata wina wachete, wochokera cha ku Chia. Anaika nyimbo ya amapiano, mtundu womwe uja achiwiri kwa ahedi anautcha chigayo. Anati mkulu wake anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, alibe mapepala, ndipo sangabwere kudzaona kwawo. Nyimboyo anamutumizira pa WhatsApp n'kumuuza kuti ndi imene imalira m'shopu imene amagwiramo ntchito. "Ndikaiika ndimakhala ngati ndili naye m'shopumo," anatero. Ndinayang'ana pansi. Kwa ine kunali kugunda kokhakokha, kwa iye anali mkulu wake. Zaka makumi awiri zikubwerazi mnyamata ameneyu adzaima pakhomo la holo ina, adzapempha nyimbo imeneyi, ndipo ana adzatuluka kukamwa madzi.

Ndisanatseke, ndiwalimbitse mtima anzanga amene mukuopa kuti zathu zidzafa nafe. Kumbukirani agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Ambiri tinkawatenga ngati nkhalamba yoseketsa ya kagitala. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo limodzi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 nyimbo yawo ya Linny Hoo inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, achinyamata a m'maiko akutali akuivina osadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Palibe mphunzitsi anaima ndi ndodo kuwalamula. Anaitola okha. Akuti tsobola wakale sawawa, koma nthawi zina mbewu yake imamera pamene sunabzale. Ku Chileka nako anthu akhala akusonkhana mwezi wa November kukumbukira Matafale, ndipo opita kumeneko si a imvi okhaokha.

Nanga mtsikana uja wa "ya pamaliro"? Tsiku lotsekera sukulu anandipeza ndikusaina malipoti. Anati anakafunsa amalume ake za Matafale ndipo amalumewo analankhula mpaka nsima kuzizira. Ndinamufunsa ngati tsopano nyimboyo akuikonda. Anati, "Ayi Sala, ikadali yochedwa." Ndinamuuza kuti nanenso zake zikadali zaphokoso. Tinaseka, n'kumupatsa lipoti lake.

Chaka chamawa paphwando sindidzapemphanso nyimbo yanga. Gule ndi wa eni tsikulo. Koma inu amene munali kuhositelo zaka zimenezo, ngati alipo amene akusungabe kaseti ya Kuimba 2, yanga inadyedwa ndi wailesi kalekale. Mukadzadutsa pa Nkhotakota mudzabwere nayo. Wailesi ya bambo ikadalipo, mabatire ndidzagula ine, ndipo alonda athu anena kale kuti tidzawaitane.