Nsembe za Ahindu ndi supuni ya mkaka

Pa 21 September 1995, mbiri inawanda mu mzinda wa New Delhi kuti chiboliboli cha Ganesha, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu, chikumwa mkaka. Wopembedza ankagunditsa supuni ya mkaka pachibolibolicho, mkakawo n'kumaphwa anthu akuona. Dzuwa lisanalowe anthu anali pamizere m'makachisi a ku India konse, mpaka ku London.

Asayansi a boma la India sanayambe ndi mkangano. Anathira utoto wa zakudya mumkakawo, ndipo zinaoneka kuti mkaka sukulowa m'kati. Unkatsetsereka pang'onopang'ono pathupi la chibolibolicho mpaka pansi. Mphamvu yake ndi yomwe ija imakoka palafini pachingwe cha koloboyi. Ana a sukulu amayiphunzira ndi dzina loti capillary action.

Kuyesa kumeneku ndimakukonda chifukwa kunayankha funso limodzi lokha: mkaka ukupita kuti? Sikunanene ngati Ganesha aliko kapena kulibe, ndipo supuni singanene zimenezo.

Nsembe yopempha mvula ndiyo yovutirapo. Kukachita ng'amba, m'madera ena a India ansembe amachita yajna: amakoleza moto, kuthiramo mafuta a mkaka otchedwa ghee ndi mbewu, uku akupemphera kwa Varuna, mulungu wa madzi. Mvula ikagwa, amati nsembe yalandiridwa. Koma mvula ya monsoon imafika ku Kerala chakumayambiriro kwa June chaka ndi chaka. Wopereka nsembe kumapeto kwa May ali ngati munthu woitana dzuwa tambala atalira kale. Ndipo ikapanda kugwa, yankho silisowa: wina analakwitsa mwambo, kapena anthu sanapereke ndi mtima wonse. Ife a kuno, amene timamva za nsembe za Mbona ku Khulubvi, yankho limeneli si lachilendo kwa ife.

Ine ndikanayesa chonchi. Tengani midzi yambiri ya nyengo yofanana, muchite maere kuti nsembe iperekedwe midzi iti, ina isiyidwe. Paliponse muyike chipangizo choyezera mvula, ndipo wowerenga asadziwe komwe nsembe inaperekedwa. Mubwereze zaka zingapo, poti chaka chimodzi chitha kungokhala mwayi. Chachikulu n'choti wansembe ndi woyesa agwirizane moto usanayatsidwe: mamilimita angati, m'masiku angati, ndipo akapanda kukwana tivomereza kuti chiyani?

Komabe Ahindu ambiri angakuuzeni kuti sapereka nsembe ngati akugula katundu kusitolo. Amapereka zipatso, maluwa ndi maswiti pothokoza, kenako chakudyacho, chotchedwa prasad, amagawana onse amene abwera. Amene akunena choncho ndilibe naye mlandu, palibe choti ndiyeze. Koma amene walonjeza alimi kuti mvula igwa pasanathe sabata, ndipo alimiwo asonkha ndalama zogulira ghee, ameneyo ndimpempha kuti atchule tsiku.