Kodi Nchifukwa Ninji Timaiwala Otchinga Kumbuyo?

Nyumba imene ndikhalamo ku Area 47 siitalikirana kweni-kweni ndi bwalo la mpira la Silver, kotero kuti Loweruka masana, pamene ndiri pakhonde kuchonga makope a ana a sukulu, phokoso la anthu oonera limandipeza pomwepo. Makutu anga adazolowera kulimasulira. Mkokomo ukabuka mwadzidzidzi ngati mvula ya pamalata, ndiye kuti chigoli chalowa; kukamveka kubuula kwa pansi-pansi, ndiye kuti wina waponya mpira kumitambo ali pakhomo penipeni pa golo. Chimene sindidachimvepo ndi mfuu yoyamikira munthu amene waletsa chigoli chisanabadwe. Wotchinga kumbuyo akagwira bwino ntchito yake palibe chimene chimachitika, ndipo chinthu chimene sichidachitike palibe amene amachiimbira nthungululu.

Ndafuna kuti lero, awerengi, tikambirane za otchinga kumbuyo ameneŵa, makamaka atsikana athu, chifukwa ndiona kuti tiri kuwataya tisanawapeze nkomwe.

Pasukulu pamene ndiphunzitsa mbiri yakale adandisenzetsanso udindo woyang'anira timu ya atsikana. Sikuti ndine katswiri ayi, koma aphunzitsi anzanga onse adaukana. Tsiku loyamba kudabwera atsikana oposa makumi awiri, ndipo nditafunsa malo amene aliyense afuna kusewera, onse adati kutsogolo, kupatula awiri amene adangoyang'ana pansi. Wina adati iye ndi Tabitha, mnzake nati iye ndi Temwa, ndipo padatsala pang'ono kuti ndewu ibuke. Nditasankha anai oti abwerere kumbuyo, mmodzi adandifunsa misozi ili lenge-lenge kuti, "Aphunzitsi, kodi ine ndalakwanji?" Kwa iye kutchinga kumbuyo chidali chilango, chofanana ndi kutchetcha udzu pambuyo pa maphunziro.

Sindiwadzudzula ana ameneŵa, ndiponso sindichepetsa ana a Chawinga. Atsikana awiri aja ochokera ku Rumphi atichotsa manyazi pamaso pa dziko lonse lapansi. Tabitha adachoka ku DD Sunshine kuno ku Lilongwe kunka ku Sweden m'chaka cha 2014, nadutsa ku China, ndipo ali ku Inter Milan adaposa onse pomwetsa zigoli m'ligi ya ku Italy m'nyengo ya 2022 mpaka 2023. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 m'ligi ya ku America m'chaka cha 2024 ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene padalibe wina adachifikapo m'ligiyo. Mwana amene wamva zimenezi pawailesi angalakelake bwanji malo ena? Cholakwa chiri ndi ife akulu-akulu, amene tidawauza theka la nkhani.

Theka linalo ndidzalitenga kutali, ku Japan, popeza mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kumeneko kuli mayi wina dzina lake Saki Kumagai, amene adabadwira mumzinda wa Sapporo m'chaka cha 1990. Adaphunzira sekondale ku Tokiwagi Gakuen, sukulu ya mumzinda wa Sendai yodziwika ndi mpira wa atsikana, ndipo adalowa m'timu ya dziko lake m'chaka cha 2008 ali ndi zaka 17, akadali mwana wa sukulu. Pa 17 July 2011, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, Japan idakumana ndi America m'ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse, patangopita miyezi inai chichitikire chivomezi chachikulu ndi kusefukira kwa nyanja kumene kudapha anthu zikwi-zikwi kwao. America idatsogola kawiri, Japan nibweza kawiri, masewero natha 2 kwa 2. Pamapenate, amene adaponya yomaliza yopatsa Japan chikho sadali womwetsa zigoli wotchuka: adali Kumagai, wotchinga kumbuyo wa zaka 20.

Koma usiku womwewo padachitika china chimene ine ndimachikumbukira koposa penate ija. Nthawi yoonjezera itatsala pang'ono kutha, Alex Morgan wa ku America adathamanga ndi mpira kulunjika ku golo. Azusa Iwashimizu, mnzake wa Kumagai kumbuyoko, adamgwetsa kunja pang'ono kwa bokosi, woimbira nampatsa khadi lofiira. Adatuluka m'bwalo, mpira woponyedwa pamalopo sudalowe, ndipo mapenate adatheka. Sindiphunzitsa ana anga kugwetsa anzao, ndipo wina aliyense ali ndi ufulu wonena kuti chimene adachitacho sichidali chaulemu. Komabe ndimawauza nkhaniyi kuti aone kuti m'kamphindi kochepa ngati kuphethira kwa diso, munthu wakumbuyo ayenera kuyeza mtunda, nthawi, malamulo ndi mtengo umene iye mwini adzalipire. Imeneyi si ntchito yopatsa mwana amene walephera kwina konse.

Pambuyo pa chikhocho Kumagai adasewera ku Frankfurt zaka ziwiri, ndipo m'chaka cha 2013 adapita ku Lyon, ku France, kumene adakhala zaka zisanu ndi zitatu, nthawi zina kumbuyo, nthawi zina pakati chakumbuyo. Ali kumeneko timuyo idatenga chikho cha makalabu a ku Ulaya kasanu motsatizana, kuyambira 2016 kufikira 2020. Adapitirira ku Bayern Munich mu 2021, ku Roma mu 2023, ndi ku London City Lionesses mu 2025. Lyon yomweyo ndiyo idatenga Tabitha wathu m'chaka cha 2024. Tsono tamvani ichi: mayi ameneyu adasewerera dziko lake zaka khumi ndi chimodzi, masewero oposa 100, osamwetsapo chigoli ngakhale chimodzi, popeza penate ya pamapeto siiwerengedwa. Chigoli chake choyamba adachimwetsa mu November 2019 posewera ndi South Africa. M'chaka chomwecho adasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana onse mu Asia. Akadakhala wa pasukulu pathu, mphatso ya kutha kwa chaka sakadailawa nkamodzi komwe.

Ndatero chifukwa ndi zimene zimachitika. Patsiku la mphatso timaitana makolo, timayala nsalu patebulo, ndipo pa zamasewera pamakhala mphatso imodzi ya anyamata ndi imodzi ya atsikana, zonse za womwetsa zigoli zambiri. Nditapempha kuti paonjezeredwe ya wotchinga kumbuyo adandiyankha kuti zigoli zimawerengeka, nanga kutchinga tidzakuwerenga bwanji? Ndidasowa chonena tsiku limenelo, ndipo ndivomere kuti funsolo si lopusa.

Taonani m'mene timakumbukirira zipambano zathu. Mu October 2023 timu ya dziko lino ya amai, ya Scorchers, idatenga chikho cha COSAFA ku South Africa itagonjetsa Zambia 2 kwa 1, patapita zaka ziwiri igonjere Tanzania 1 kwa 0 m'ndime yotsiriza ya chikho chomwecho. Mu October 2025 idalepherana ndi Angola 0 kwa 0 ku Luanda, kenaka niigonjetsa 2 kwa 0 pabwalo la Bingu, kufupi ndi kwathu kuno, ndipo potero Malaŵi adapeza malo kwa nthawi yoyamba kumpikisano wa amai wa maiko a mu Africa. Mawa lake m'maminibasi ndi m'chipinda cha aphunzitsi dzina lidali limodzi, la Faith Chinzimu amene adamwetsa zigolizo, ndipo adayeneradi kutamandidwa. Koma masewero awiri athunthu, mphindi 180, Angola sidaone ukonde wathu. Kukadalowa chigoli chimodzi ku Luanda, atsikana athu akadalowa m'bwalo la Bingu ndi mtima wina. Ndidayesa kufunsa anzanga kuti anditchulire awiri okha mwa amene adaima kumbuyo tsikulo. Amuna amene amatchula osewera onse a Arsenal ndi Chelsea ku Bwandilo mopanda kupunthwa adangokanda kumutu.

Pali mau amodzi otsutsa amene ndimawalemekeza, ndipo adandiuza ndi bambo wa mtsikana wina wa m'timu yanga, munthu wolondera nyumba za eni ku Area 10. Iye adati: "Aphunzitsi, azungu amagula zigoli. Ngati mwana wanga ataye nthawi ya mabuku chifukwa cha mpira, bola asewere malo amene angamtulutse muumphawi." Sindidathe kumtsutsa msanga. Nzoona kuti atsikana athu amene timawamva ku Ulaya ndi ku America ndi akutsogolo ndi apakati: a Chawinga awiri, Rose Kabzere amene adapita ku Montpellier, ndi Chinzimu amene adapita ku Häcken, awiri otsirizaŵa ochokera kusukulu ya mpira ya Ascent. Chigoli chimaoneka pakanema wa mphindi imodzi. Kuima pamalo oyenera mphindi 90 sikuoneka pokhapokha munthu akhale pansi naonera masewero onse.

Koma kalabu iliyonse imene imagula womwetsa zigoli mmodzi imafunanso anthu anai akumbuyo, ndipo imawalipira. Chimwemwe Madise, wotchinga kumbuyo wa Scorchers, adapita ku TP Mazembe ya ku Congo, kalabu imene idatenga chikho cha makalabu a amai a mu Africa m'chaka cha 2024. Khomo liripo, kungoti ndi ochepa amene tidawakonzekeretsa kulowapo. Liwiro ndi mphamvu mwana atha kubadwa nazo, nazikulitsa yekha pamchenga ndi mpira wa mapepala, monga m'mene ambiri a ife tidachitira. Kutchinga sikutero. Kumafuna wina wokuuza nthawi yobwerera ndi nthawi yolowerera, m'mene anthu anai ayendera pamodzi ngati amangidwa chingwe chimodzi, m'mene udumphira mpira wa pakona, ndi m'mene ulankhulira ndi goloboyi wako. Zimenezi amaphunzitsa monga tiphunzitsira masamu, mobwereza-bwereza, ndipo m'mera mpoyamba. Kumagai adazipeza kusekondale, pamsinkhu womwewu wa ana amene ndimawaimirira kutsogolo tsiku ndi tsiku, ndipo mpira sudamletse kulowa yunivesite ya Tsukuba. Kwao makalabu a amai akhala ndi ligi ya dziko lonse kuyambira 1989, ndipo mu 2021 adakhazikitsa ina ya osewera olembedwa ntchito.

Ife tiribe chuma cha Japan, ndipo sindipempha mabwalo a kapinga wothirira. Ndipempha zinthu zimene zili m'manja mwathu. A bungwe la FAM ndi oyendetsa masewera a m'sukulu atiphunzitse ife aphunzitsi, ngakhale sabata imodzi patchuthi, chifukwa ambiri a ife chimene tidziwa ndi kukuwa kuti "chotsa!" basi, ndipo mwana womvera amangoumenya mpira kutchire. Olemba nkhani ndi oulutsa mau atchule maina a otchinga kumbuyo pamene timu yatuluka yosagoletsedwa. Ndipo mpira umodzi umene atsikana amalandira anyamata akautopetsa, uleke kukhala mwambo.

Mtsikana uja adandifunsa chimene adalakwa ali mu Fomu 4 tsopano, ndipo ndiye mtsogoleri wa timu. Ndi wamtali, wosalankhula-lankhula m'kalasi, koma m'bwalo mau ake amamveka mpaka kumsewu. Ali ndi chizolowezi choyang'ana m'chiuno mwa mdani m'malo moyang'ana mapazi, chimene palibe adamphunzitsa. Akalemba mayeso a MSCE adzachoka m'manja mwanga, ndipo ndiri kuyesa kupeza kalabu ya mumzinda muno yoti ikamuone. Pofuna kuyankha funso lija la patsiku la mphatso, ndidagula kope lachikuto cholimba, ndipo pamasewero alionse ndimapatsa ana awiri a Fomu 1 kuti azilemba kachizindikiro nthawi iliyonse imene wakumbuyo walanda mpira, waudula m'njira, kapena wauchotsa ndi mutu. Pamasewero athu otsiriza, amene adatha 0 kwa 0 ndipo oonera adabwerera akudandaula kuti padalibe choona, pansi pa dzina lake padali tizizindikiro khumi ndi tinai. Kopelo ndidzapita nalo kumsonkhano wa aphunzitsi Lachitatu likudzali.